ZA GALIMOTO: Musafulumire Kuweruza Batire

Miyezi ya June ndi July ndiyo nthawi imene alimi a ku Petauke ndi Nyimba amatumiza cimanga ndi nsawa ku misika, ndipo ndiyonso nthawi imene magalimoto ambiri amakana kulira m'mamawa cifukwa ca cisanu. Woyendetsa galimoto akatembenuza kiyi namva kuti "tha, tha" cabe, kawirikawiri amagamula kuti batire latha. Ena amakwera basi kukagula latsopano, koma patapita masiku owerengeka vuto lija limabweranso, ndalama za mbewu zitapita kale.

Dalaivala wanzeru amayamba wayatsa nyali zakutsogolo, kenaka natembenuza kiyi. Ngati nyalizo zazilala kapena kuzimiratu, ndiye kuti batire lafooka kapena mawaya sanagwire bwino pa mitu yake. Koma ngati nyali zikuwalabe mwamphamvu pamene injini ili cete, batire lilibe mlandu. Colakwa cifunidwe ku sitata kapena ku mawaya ake.

Caciwiri ndi kuona mitu iwiri ya batire. Ufa woyera kapena wobiriwira umene umamera pamenepo umatsekereza moto. Ucotsedwe ndi madzi otentha osakaniza ndi soda, kuyambira ndi kumasula waya wa cizindikiro ca (-), ndipo wayayo ndiye womalizira pobwezera. Misewu ya mabampu yopita kumidzi imamasula mabauti, motero ayenera kumangidwa zolimba.

Amakanika amene ali ndi mita angathetse mkangano msanga. Batire la mavolti 12 lili ndi zipinda 6, ndipo likakhala lodzaza limaonetsa 12.6 injini itazima. Likaonetsa 12.0 ndiye kuti moto watsala pang'ono. Injini ikamalira, mita iyenera kukwera kufika pafupi ndi 14. Ikapanda kukwera, alternator sikudzaza batire, mwina cifukwa lamba wake wakhwepa kapena watha. Apa ndi pamene ambiri amataya ndalama, pakuti ngakhale batire latsopano limatha moto pa galimoto yotere.

Cisanu cimangoulula matenda amene anayamba kale. Kutentha kwa mwezi wa October, makamaka ca ku Kacholola ndi kutsikira ku mlatho wa Luangwa, kumaumitsa madzi a m'batire. Mabatire okhala ndi zotsekera ayenera kuonedwa mwezi uliwonse, ndi kuthiramo madzi a batire okha mpaka zitsulo zam'kati zitamira. Madzi a pacitsime kapena a pamjigo ali ndi mcere umene umaononga zitsulozo. Cizolowezi cocotsa batire usiku kukayatsira wailesi ndi nyali m'nyumba nacoso cimafupikitsa moyo wake.

Galimoto ya magiya a pamanja ingathe kukankhidwa ili m'giya yaciwiri, koma ya otomatiki siingalire mwa njira imeneyi. Imafuna mawaya obwerekera moto ku galimoto ina, (+) ku (+), ndipo (-) ku citsulo ca injini. Fodya ndi macisi zikhale kutali, cifukwa batire limatulutsa mpweya wophulika.

Mayeso onsewa sadya theka la ola. Mwini galimoto amene mudzi wonse umamudalira kunyamula wodwala usiku kupita ku cipatala ca Minga kapena ca Nyimba ayenera kuwacita masana, ulendo usanafike.