Ndemanga: Magalasi a VR alipo, nanga za m'kati mwake zili kuti?

Omvera athu kuno ku Bulawayo, ku Makokoba, ku Sizinda, ku Luveve ndi madera onse, ndemanga yathu lero ikukhudza magalasi a VR, amene munthu akavala amaona ngati walowa m'dziko lina. Mwawaona pa zionetsero zamalonda, ndipo mwamva akuluakulu akunena kuti zipangizo zamakono ndizo tsogolo la maphunziro ndi mafakitale athu.

Zimene zimachitika mukuzidziwa. Bwana wavala magalasi, manja akugwiragwira m'malere, omuperekeza akuwomba m'manja, atolankhani akujambula. Akavula, chimwemwe chokhachokha. Koma palibe amene amafunsa kuti: Bwana, mwaona chiyani m'menemo? Kawirikawiri ndi nsomba za m'nyanja yakutali, kapena kasitima ka masewera kothamanga chadodolido. Zosangalatsa ndithu. Nanga mawa adzawavale ndani, kuti agwire ntchito yanji?

Makampani olemera kwambiri padziko anakhumudwa pa funso lomweli. Mu Okutobala 2022, Meta inatulutsa magalasi a Quest Pro pa mtengo wa madola pafupifupi 1,500, ikulinga anthu apantchito. Pofika Malichi 2023 mtengo unali utatsika ndi madola 500, ndipo pambuyo pake inasiya kuwagulitsa. Mu Febuluwale 2024, Apple inabweretsa Vision Pro pa madola 3,499. Inalengeza kuti pali mapulogalamu oposa 600 opangidwira magalasiwo, koma pa tsiku loyambalo Netflix, YouTube ndi Spotify analibe mapulogalamu awoawo m'menemo. Chaka chomwecho Microsoft inasiya kupanga magalasi ake a HoloLens 2. Inde, mitengo inali yoboola m'thumba ndipo magalasiwo amalemera pamutu. Koma munthu amapirira mtengo ndi kulemera ngati chinthucho chikumugwirira ntchito tsiku ndi tsiku. Wailesi imene mukumverayi, itakhala yopanda pulogalamu, ndi bokosi chabe.

Umboni tili nawo m'matumba mwathu. Agogo a ku Mzilikazi sanagule foni chifukwa cha kunyezimira kwake. Anaigula kuti azimva mawu a mwana wawo wa ku Johannesburg pa WhatsApp, ndi kulandira ndalama pa EcoCash, imene inayamba mu 2011. Pulogalamu ndiyo inagulitsa foni.

Tsono chotidandaulitsa n'chakuti pokonza bajeti, maso onse amathamangira pa chipangizo. Chipangizo chimagwirika, chimajambulika, chimakhala ndi mwambo wodula riboni. Wolemba pulogalamu, amene amachezera usiku pa kompyuta, amauzidwa kuti zikomo, ndalama zatha. Mapeto ake magalasi amatsekeredwa m'kabati, kiyi ali ndi munthu mmodzi, kudikira mlendo wolemekezeka wotsatira.

Chonsecho mzinda uno uli ndi ntchito zimene magalasiwa angazigwire bwino. Tili ndi Zimbabwe School of Mines. Wophunzira angathe kuyenda mu mgodi, kuzindikira denga lofuna kugumuka, kulakwitsa kakhumi n'kutuluka wamoyo. Ambiri mwa ife ndife ana ndi adzukulu a anthu amene anachoka ku Malawi, ku Zambia ndi ku Mozambique kudzalowa m'migodi ya dziko lino, ndipo tikudziwa kuti pansi pa nthaka munthu salakwitsa kawiri. Tili ndi likulu la njanji, kumene mnyamata angaphunzire kumasula injini ya sitima asanagwire sipanala. Tili ndi zipatala za Mpilo ndi United Bulawayo Hospitals, kumene anamwino ophunzira angabwereze njira yothandizira mayi wobereka mpaka manja atazolowera. Tili ndi mabwinja a Khami ndi mapiri a Matobo, malo amene UNESCO inawazindikira mu 1986 ndi mu 2003, koma ana ambiri a mumzinda uno sanapondeko phazi.

Mapulogalamu otere sadzatsika pa ndege. Wolemba mapulogalamu wa ku California sadziwa kuti kuno magetsi amathima, ndipo mtengo wa intaneti umaluma. Tikufuna mapulogalamu ogwira ntchito popanda netiweki, olankhula Chindebele, Chishona ndi Chichewa, chimene chili m'gulu la zilankhulo 16 zovomerezeka ndi malamulo a dziko lino a 2013. Achinyamata oti awalembe alipo ku yunivesite ya NUST ndi ku Bulawayo Polytechnic. Chimene akusowa ndi kontrakiti ndi malipiro.

Choncho tikupempha a nduna, akuluakulu a masukulu aukachenjede, mabwana a migodi ndi onse amene amasaina mapepala ogulira katundu: musanasaine, funsani mafunso atatu. Kodi pulogalamu yake ndi iti? Adzaigwiritse ntchito ndani Lolemba m'mawa? Ikavuta, adzaikonze ndani kuno kwathu? Ngati wogulitsayo akungokanda m'mutu, bwezani cholembera m'thumba. Ngati ndalama zikukwana magalasi khumi, gulani asanu, zotsalazo mulipire ana athu kuti alembe za m'kati mwake.

Chonde, akuluakulu, ndalamazo ndi misonkho ya anthu ovutika. Yambani mwapeza ntchito yoti igwiridwe, chipangizo chibwere pambuyo. Imeneyi ndiyo ndemanga yathu ya lero.