Makina a BP Tigule, Koma Akale Tisataye

Amayi anzanga, m'miphakati ingapo kuno ku Kasungu ndamva maganizo oti ndalama za fodya zikayamba kutuluka ku Chinkhoma, tisonkhe tigule makina oyezera BP, aja olemba okha manambala. Ine ndikuvomera. Koma monga mzamba amene ndakulira pa sikelo ya muvi ndi kachitoliro komverera mtima wa mwana, ndili ndi mawu pang'ono ndalama zisanachoke m'mpango.

Zipangizo zathu zili mitundu iwiri. Sikelo yopachika pamtengo ija, mwana akalowa m'kabudula, muvi umatsetsereka pang'onopang'ono molingana ndi kulemera kwake, ndipo akagwedezeka nawo umagwedezeka. Zotere amati analogi. Zadijito zimamva kulemera komweko, kenaka n'kukusandutsa manambala, amene m'kati mwa makina ndi 0 ndi 1 basi. Muvi umakuonetsani chinthucho chikuchitika. Makina adijito amakupatsani yankho lomaliza, ndipo mmene alipezera simuona.

Kusiyanaku mumakudziwa kale kunyumba. Mabatire a wailesi akamatha, Radio Alinafe imamveka ndi kaphokoso, komabe Misa mumaitsatira mpaka dalitso lomaliza. Dikoda ya Kiliye Kiliye siteronso: chithunzi chimakhala choyera bwino, mafunde akangofooka chimaduka mabokosimabokosi, n'kuima, n'kuzima.

Chimene chimandidetsa nkhawa ine n'chakuti nambala yolembedwa pagalasi imaoneka yoona nthawi zonse. Tsiku lina ndikuyendera ophunzira athu pachipatala china chaching'ono, mtsikana wina adandionetsa khadi la mayi wa pakati pa miyezi 8. Adalemba 124/80, makina ndiwo adatero. Koma mayiyo nkhope idali yotupa, akudandaula mutu. Ndidatenga makina opopa ndi dzanja, ndi kumvetsera ndekha m'makutu: 155/105. Tidamutumiza kuchipatala chachikulu tsiku lomwelo. Wophunzirayo sadali waulesi ayi. Adangokhulupirira galasi kuposa maso ake.

Makina adijito a BP samva kugunda kwa magazi monga amachitira namwino. Amamva kanjenjemera ka mpweya m'lamba wa pamkono, n'kuwerengetsera nambala. Kwa amayi oyembekezera amene BP yawakwera chifukwa cha pakatipo, makina ambiri otere amapereka nambala yotsikirapo kuposa yeniyeni. Lamba akachepa pamkono wonenepa, nambala imakwera popanda chifukwa. Ndipo opopa ndi dzanja nawo si angelo: muvi umasokonekera akagwa pansi, khutu la munthu limaphonya, ndipo anamwino enafe tili ndi chizolowezi chokokera nambala ku 0, 138 n'kukhala 140. Apa adijito amatiposa, pakuti alibe manyazi kapena changu choweruka.

Kubwerera m'mbuyo sikungatheke. Chiyambire pangano la Minamata la mu 2013, maiko akusiya zipangizo zokhala ndi mekyule, chitsulo chamadzimadzi chija cha m'mathemometa akale, chifukwa ndi poizoni. Choncho zadijito zabwera kudzakhala, ndipo zili ndi ubwino waukulu: mayi wamba amene sadaphunzire unamwino angathe kuyeza mnzake pambuyo pa Misa.

Pogula, pitani ndi namwino kapena mzamba wa pachipatala chanu. Sankhani a pamkono, osati a padzanja ngati wotchi, ndipo funsani ngati adayesedwa pa amayi oyembekezera. Gulani malamba awiri, wapakati ndi wamkulu. Ndalama ya mabatire ilembedwe m'buku la msungichuma tsiku lomwelo, chifukwa makina ambiri amphatso ndawaona atagona m'kabati posowa mabatire anayi okha. Kamodzi pachaka muwatengere kuchipatala akawafanizire ndi ena.

Woyezedwa ayambe wakhala pansi mphindi 5, msana utatsamira, mkono utagona pathebulo molingana ndi mtima, osayankhula. Yezani kawiri. Kwa mayi woyembekezera, nambala yapamwamba ikafika 140 kapena yapansi 90, apite kuchipatala tsiku lomwelo. Ndipo ngati mutu ukumuwawa kwambiri, akuona mwachimbuuzi, nkhope ndi manja zatupa, kapena akumva kupweteka pansi pa nthiti, makinawo alembe chilichonse chimene angalembe, inu kafuneni njinga yamoto.