Mwana akalakwitsa Chingelezi, musathamangire ndodo

M'masukulu ambiri a pulayimale phunziro la Chingelezi limamvekera kumsewu. Mphunzitsi anena chiganizo, kalasi yonse ibwereza mokweza, anenanso, ibwerezanso, mpaka belu. Kaphunzitsidwe kameneka kali ndi gwero lake. Mu 1957 katswiri wa ku America, B.F. Skinner, analemba kuti chilankhulo ndi chizolowezi: munthu amatsanzira, akanena bwino amayamikiridwa, ndipo lilime limazolowera. Amene anatengera maganizowa m'kalasi ankaona cholakwa chilichonse ngati choyenera kuzulidwa chisanamere mizu.

Noam Chomsky anatsutsa zimenezi mu 1959, ponena kuti mwana amatha kunena ziganizo zomwe sanazimvepo kwa wina aliyense, kotero si kutsanzira kokha. Koma amene ndimafuna mphunzitsi aliyense atamudziwa ndi Pit Corder wa ku yunivesite ya Edinburgh. Mu 1967 iye anafotokoza kuti zolakwa za wophunzira ndi umboni woti m'mutu mwake ntchito ikuyenda.

Taganizani za mwana amene mwezi watha ankanena "went" molondola, lero akuti "goed". Mphunzitsi mtima umamupweteka, akuganiza kuti mwanayo wabwerera m'mbuyo. Chikhalirecho wapita patsogolo. Poyamba anangoloweza liwulo, koma tsopano watulukira yekha lamulo loti zochitika kale zimathera ndi "-ed", ndiye akuliyesa paliponse. Palibe anamuphunzitsa "goed", wadzipangira. M'kupita kwa nthawi adzazindikira kuti mawu ena satsata lamulolo, ndipo "went" adzabwerera, ulendo uno akudziwa chifukwa chake. Mu 1972 Larry Selinker anafotokoza kuti wophunzira aliyense amadzimangira chilankhulo chapakatikati, chokhala ndi malamulo akeake, chomwe chimasintha pang'onopang'ono. Ukamukalipira mwana pa siteji imeneyi, chomwe amaphunzira ndi kutseka pakamwa.

Stephen Krashen, m'zaka za m'ma 1980, anati chofunika kwambiri ndi kumva ndi kuwerenga zinthu zomveka, zopitirira pang'ono pomwe wophunzira wafika, komanso kuti mantha amatsekereza zonsezo. Pa za manthazo ndimagwirizana naye kotheratu. Koma kumva kokha sikukwanira, ndipo anaonetsa zimenezi ndi Merrill Swain wa ku Canada mu 1985. Kumeneko ana olankhula Chingelezi ankaphunzira maphunziro awo m'Chifalansa kwa zaka zambiri. Kumva ankamva bwino zedi, koma akati alankhule kapena kulemba, galamala inkawavutabe. Swain anati munthu amazindikira chomwe sakuchidziwa pamene akuyesa kunena maganizo akeake n'kupeza kuti mawu akusowa. Kubwereza chiganizo cha mphunzitsi sikufikitsa mwana pamenepo.

Nkhani imeneyi ikutikhudza kuno kwathu. Lamulo la maphunziro la 2013 linaika Chingelezi kukhala chilankhulo chophunzitsira, ndipo makolo ambiri anakondwa poganiza kuti mwana akayamba msanga adzachidziwa msanga. Sindiwadzudzula, pakuti aliyense akudziwa kuti wolephera Chingelezi salandira satifiketi ya MSCE. Komabe Jim Cummins, wofufuza wa ku Canada, anapeza kuti chilankhulo chochezera mwana amachigwira m'zaka ngati 2, pamene cha m'mabuku chimatenga zaka 5 mpaka 7, ndipo amenewo anali ana okhala pakati pa eni chilankhulocho. Nanga mwana wa ku Ntchisi amene amachimva kwa mphunzitsi yekha?

M'zaka za m'ma 1990 Eddie Williams anayerekeza ana a ku Malawi, omwe ankayamba sukulu m'Chichewa, ndi a ku Zambia, omwe ankayamba m'Chingelezi. Pa kuwerenga Chingelezi sankasiyana kwenikweni, koma pa kuwerenga chilankhulo chawo Amalawi anali patsogolo kwambiri.

N'chifukwa chake zimandiwawa kumva kuti kukadali masukulu omwe amapereka chilango cha kutchetcha kapena kukolopa kwa mwana wogwidwa akulankhula Chichewa, Chitumbuka kapena Chiyao. Nthawi imeneyo bwenzi mwanayo atapatsidwa kabuku kankhani kosavuta, awerenge, kenako afotokozere mnzake zomwe wamva m'Chingelezi chake chothyokathyokacho, mphunzitsi akumvetsera n'kumalemba pambali zolakwa zomwe zikubwerezedwa, kuti adziwe choyambira mawa.