Mukuseka Woberedwa, Koma Kiyi Munapereka Ndinu

Abale anga a m'gulu lino, sabata ino tiyike kaye ndakatulo pambali, tikambe nkhani yowawa. Ikamveka mbiri yoti mayi wina wakumudzi amubera ndalama zonse za mu foni, mawu oyamba kutuluka pakamwa pa anthu a sukulu amakhala omwewomwewo: "Umbuli basi. Munthu ungatchule bwanji PIN kwa munthu woti sukumudziwa?" Kenako phwete, nkhani yatha. Ine ndikuti kusekako n'kopanda manyazi. Wakubayo sanalote dzina la mayiyo, sanaombeze ula kuti adziwe kuti mwana wake ali kunja. Alipo amene anamupatsa, ndipo kawirikawiri woperekayo ndi munthu wodziwa kulemba ndi kuwerenga, wa foni yaikulu ya kamera, ngati inuyo amene mukuwerenga izi.

Kuti tisamalankhule za m'malere, titenge dera limodzi: kwa Mwadzama, kummwera kwa boma la Nkhotakota, m'mbali mwa nyanja, kumene msewu wa M5 umadutsa pa Benga. Moyo wa kumeneko ndi usipa, mpunga ndi chinangwa. Mayi amagula usipa padoko m'mamawa, n'kuyanika pa thandala, n'kukweza matumba opita ku Lilongwe. Ndalama zake zimabwerera pa Airtel Money kapena pa Mpamba, njira zimene zinayamba m'dziko muno mu 2012 ndi 2013. Mwana wake ali ku Joni akatumiza ya fizi, imathera pa nambala yomweyo. Kafoni ka mabatani kaja ndiye nkhokwe yake, ndiye banki yake, mpamba wa geni yonse umagona mmenemo. Ndiye mukamva mawu akuti cybersecurity musathamangire kuganiza za makompyuta a ku Capital Hill. Kwa Mwadzama tanthauzo lake ndi losavuta: ndani angatsegule nkhokwe imeneyi, ndipo kiyi wamupatsa ndani?

Wakuba wa pa foni sathyola chitseko. Ena amangoponya khoka mwachisawawa, aja a uthenga woti "ndalama ija tumizani pa nambala iyi", kudikira kuti mwa anthu ambirimbiri mmodzi akodwa. Koma amene amapha zazikulu ndi a mbedza, ndipo nyambo yawo ndi choonadi. Amafuna dzina lanu, nambala yanu, ndi kanthu kamodzi koona kokhudza moyo wanu. Mayi akaimbiridwa ndi munthu wodzitcha dalaivala, womutchula dzina, wotchulanso dzina la mwana wake wa ku Johannesburg, n'kunena kuti katundu wagwidwa pa chipata cha Dedza ndipo pakufunika ya kasitomu msanga, akayikire pati? Inuyo mukanakayikira? Apolisi anena kangapo konse kuti mafoni ambiri achinyengo amaimbidwa ndi akaidi, makamaka a ku ndende ya Zomba. Tsono dzifunseni: munthu ali mkati mwa mpanda ku Zomba, za pakhomo la mayi wa ku Benga angazidziwe bwanji ngati palibe wozimwaza kunja kuno?

Omwaza ake ndi awa. Mlembi wa komiti ya chitukuko, wa banki mkhonde, wa komiti ya pasukulu, wa kutchalitchi kapena kumzikiti, walemba mndandanda wa anthu: dzina, mudzi, nambala ya foni, nambala ya chiphaso cha unzika. Mwina ndi oti alandire chimanga, mwina ndi a Mtukula Pakhomo, mwina ndi a feteleza wotsika mtengo. Wajambula pepala lonse, waliponya pa gulu la WhatsApp la anthu mazana awiri. Mmodzi walitumiza ku gulu lina "kuti anthu adziwe". Pofika madzulo pepala lija lili m'manja mwa anthu oti sanapondeko kwa Mwadzama chibadwire. Mawa lake agogo aimbiridwa: "Mwasankhidwa kulandira ndalama, tumizani kaye ya fomu." Dzina ndi lawo, mudzi ndi wawo, pulogalamu ndi yomwe analembetsadi. Mbuli ndani pamenepa, agogo kapena mlembi?

Ndikudziwa yankho lanu. Mukuti mindandanda iyenera kukhala poyera kuti akuluakulu asalowetsemo abale awo ndi maina a anthu akufa. Zoona, ndipo chinyengo chimenecho tonse tikuchidziwa. Koma pofuna kugwira dzina labodza, dzina ndi mudzi n'zokwanira, ziwerengedwe pabwalo la amfumu pamaso pa anthu odziwana. Nambala ya foni ikufunanji pamenepo? Nambala ya chiphaso ikutsimikiza chiyani kwa munthu wa pa WhatsApp?

Chiphasochi tichikambe bwino. Mu 2017 bungwe la NRB linalemba Amalawi oposa 9 miliyoni m'kaundula wa unzika. Mu 2018 bungwe la MACRA linalamula kuti layini iliyonse ya foni ilembetsedwe, ndipo ambiri analembetsa ndi chiphaso chomwecho. Pulogalamu ya AIP itayamba mu 2020, feteleza naye anayamba kuomboledwa ndi chiphaso. Cholinga chinali chabwino, koma zotsatira zake n'zakuti kakhadi kamodzi kanasanduka kiyi wa zitseko zambiri. Munthu amene ali ndi chithunzi cha chiphaso chanu angathe kuyesa kulembetsa layini m'dzina lanu, akabe nayo, apolisi adzagogode kwanu. Angathenso kukanama kuti layini yamutayika, amupatse ina ya nambala yanu. Foni yanu imangoti zii netiweki, inu n'kumatukwana kampani, pamene mauthenga anu onse akupita kwa wina. Ndiye taonani zimene mumachita mukatola chiphaso pamsewu: mumachijambula mbali zonse ziwiri, n'kuika pa Facebook, "amene akumudziwa amuuze". Mtima wabwino ndithu, koma mwapachika kiyi wa mnzanu pa mtengo wa pamsika. Phimbani manambala ndi chala musanajambule, kapena kachisiyeni kupolisi. N'chovuta pamenepa n'chiyani?

Tibwere ku langizo lotchuka lija: musauze munthu aliyense PIN yanu. Langizo labwino, koma analikonza ndi anthu okhala mu ofesi. Kalembera wa 2018 anapeza kuti mwa Amalawi khumi alionse, pafupifupi atatu sadziwa kulemba ndi kuwerenga. Agogo otere akafika kwa ejenti amapereka foni yonse, n'kutchula manambala anayi aja mokweza, pamzere pali anthu. Kunyumba kulibe magetsi, foni imaswera pa shopu yotchajira, nthawi zina imagona komweko. Mdzukulu amaitenga kupita nayo kwa obena nyimbo. Kuuza munthu wotere kuti asauze wina PIN kenako n'kumusiya yekha kuli ngati kuuza msodzi kuti apite panyanja koma asanyowe. Funso ndi la kwa inu, mdzukulu wa digiri, mphunzitsi wa m'deralo, mlangizi: munakhalapo nawo pamphasa kuwaphunzitsa kudina okha manambala anayi? Mayi amene amawerengera ndowa za usipa ndi chenje cha pamsika m'mutu mofulumira kuposa inu sangalephere manambala anayi. Munawauzapo kuti chaka chobadwa si PIN, poti chalembedwa pa chiphaso chomwe chija? Munawauzapo kuti wogwira ntchito weniweni wa kampani ya foni safunsa PIN, ndipo wofunsa aliyense amudulire foni? Simunatero. Munali otanganidwa ndi kuseka.

Ndipo kusekako kumamugwirira ntchito wakuba. Munthu woopa kusekedwa amabisa. Amagona nazo masiku atatu, pamene akanathamangira kwa kampani ndi kupolisi ola lomwelo mwina ndalama zikanatsekeredwa zisanatapidwe. Mnansi wake samva, ndiye sabata yamawa bodza lomwelo limugwira naye. Inunso a sukulu mumaberedwa, kungoti mumadziwa kubisa. Ndi angati m'gulu lino anatumiza manambala asanu ndi imodzi aja a WhatsApp kwa "mnzawo" amene anati awatumiza molakwitsa, n'kulandidwa akaunti, abale onse n'kuyamba kupemphedwa ndalama m'dzina lawo? Ndi angati anadina linki ya bandulo yaulere kapena ya ntchito za ku bungwe, n'kulembamo zonse mpaka pasiwedi? Mu February 2024, Pulezidenti Lazarus Chakwera anauza Nyumba ya Malamulo kuti akathyali alowa m'makompyuta osindikizira mapasipoti ndipo akufuna dipo. Kusindikiza mapasipoti kunaima kwa masabata. Ngati boma, ndi akatswiri ake onse, linatsekeredwa kunja kwa nyumba yake, inu ndinu ndani kuti museke agogo a ku Benga?

Pali enanso amati, "Ine ndilibe chobisa, za privacy ndi za azungu." Nanga bwanji bafa lanu lili ndi mpanda? Chinsinsi sichinabwere pa ndege. Za kudambwe saulula. Nkhoswe yabwino simwaza za m'banja la eni. Azamba amatuluka m'chikuta pakamwa pali chotseka. Uthenga wa maliro uli ndi njira yake, umadzera kwa amfumu ndi kwa akuluakulu a banja, ndipo pali oyenera kumva poyamba. Lero mwera ukagubuduza bwato, nyanja n'kulavula mtembo wa msodzi pamchenga, chithunzi chimafika m'mafoni a dziko lonse mkazi wake asanauzidwe. Wodwala ali chigonere m'chipatala, thupi lili pamtunda, mwamujambula kuti mupemphere thandizo, osamufunsa. Mwana wachitidwa zachipongwe, inu mwaika nkhope yake ndi dzina la sukulu yake kuti "chilungamo chioneke". Mwambo umene makolo anausunga popanda lamulo lolembedwa, mwauphwanya ndi chala chimodzi pofuna ma like.

Choopsa n'chakuti intaneti siiwala, ndipo ili ndi kalondolondo wake. Google imayendera masamba, imasunga mawu, n'kuwasanja. Tsamba limene laika mawu ofufuzidwawo pamutu, limene masamba ena ambiri akulozako, limakwera pamwamba. Amalonda amalipira akatswiri kuti malonda awo akwere motero, luso limene amalitcha SEO. Inu luso lomwelo mumalichita kwaulere pa mwana wa mnzanu: dzina lake lonse pamutu, mudzi, sukulu, pambali pake mawu akuti "wakuba" kapena "hule", anthu n'kugawana, masamba a miseche n'kukopera. Papita zaka khumi, mtsikana uja wamaliza maphunziro a unamwino, akufunsira ntchito. Wolemba ntchito alemba dzina lake pa Google, ndipo choyamba kutuluka ndi ntchito ya manja anu. Inu munaiwala kalekale, mwinanso munafufuta. Madzi akatayika saoleka. Alembi a m'gulu lino, izi zikukukhudzani kuposa wina aliyense: nkhani "yochitikadi" imene mwaitenga ku inbox ya munthu, n'kusintha chilembo chimodzi cha dzina lake koma mudzi n'kuusiya, si luso ayi. Kwawo amuzindikira ndime yoyamba isanathe.

Malamulo alipo. Gawo 21 la malamulo aakulu a dziko lino limapatsa munthu aliyense ufulu wa chinsinsi, kuphatikizapo makalata ndi zokambirana za pa foni. Mu 2016 kunabwera Electronic Transactions and Cyber Security Act, imene imaletsa kulowa m'makompyuta a eni popanda chilolezo komanso kuzunza anthu pa intaneti. Mu 2024 kunabwera Data Protection Act, imene imati kampani, bungwe kapena ofesi yotolera mbiri za anthu ikhale ndi chifukwa chovomerezeka, izigwiritse ntchito pa chifukwa chokhacho, ndipo izisunge motetezeka. Woyang'anira lamuloli ndi MACRA. Tiyenera kufunsa mokweza kuti mafotokope a ziphaso amene amaunjikana m'makatoni m'maofesi amathera kuti, ndi kuti makampani a foni amatsimikiza bwanji asanapereke nambala ya munthu kwa wina. Koma lamulo lolembedwa m'Chingerezi, losungidwa ku Lilongwe, silingayende lokha kukafika padoko. Ofunika kulinyamula ndi anthu a mawu, ndipo anthu a mawu ndi inu.

Mumatha kulemba ndakatulo zachikondi makumi awiri pa mwezi. Lembani sewero limodzi la mphindi khumi la dalaivala wabodza uja, m'Chichewa chomveka kwa agogo, mukalipereke ku wayilesi ya m'dera ngati Nkhotakota Community Radio, kapena mukalisewere pa tsiku la msika. Mukapita kumudzi, musangosiya shuga ndi sopo. Khalani pansi, sinthani nawo PIN, adine okha mpaka azolowere, ndipo inuyo muyang'ane kumbali. Wina akaberedwa, muperekezeni kokanena tsiku lomwelo, nthabwala zanu musunge. Pa WhatsApp panu tsegulani loko yachiwiri ija ya two-step verification lero lomwe. Mukakhala mlembi wa komiti, pepala la manambala a anthu lisakwere pa gulu.

Ndipo musanayankhe positi ino, tsegulani kaye zithunzi za mu foni yanu. Werengani ziphaso za eni zimene zilimo, mindandanda ya anthu, makhadi a kuchipatala, masikirinishoti a zokambirana za anzanu. Foni imeneyo ikatayika mawa mu minibasi, ndi anthu angati amene mwawagulitsa? Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Fufutani, kenako tikambirane.