Ma MP achuluka, nanga anchito ao azalipila ndani?

Amai ndi atate a pa Soweto, City Market, Kamwala, Chisokone na Kapata, ikani sikelo pansi pang'ono tibelengeko pamodzi.

Mu December 2025 Bill 7 inapita mu Nyumba ya Malamulo, a Pulezidenti Hichilema anasaina. Ma constituency achoka pa 156 kufika pa 226, ndipo pamwamba pake aikapo mipando 40 ya azimai, achinyamata ndi olemala. Chimene sanakambe mokweza ndi ichi: MP sabwela yekha. Abwela na ofesi ya ku constituency, Professional Assistant, Administrative Assistant, lendi, malaiti, mafuta. Ma constituency 70 atsopano ndiye kuti maofesi 70 atsopano. Ndalama izachoka kuti? Mu VAT ya 16 peresenti imene mulipila mukaoda sopo, na mu levy imene ikudulani mukatuma ndalama pa foni.

Imwe kugawana anchito munakudziwa kudala. Mlonda mmodzi asunga matebulo a mzele wonse usiku, aliyense aponyako kangachepe. Mnyamata wa wilibala anyamula tomato ya anthu asanu m'mawa umodzi. Kodi alipo ogulitsa kapenta amene analemba mlonda wakewake? Phindu yonse ingathele pamenepo.

Manje chovuta n'chiani ku Manda Hill? Njila ilipo kale: ofufuza nkhani, makalaliki a makomiti ndi a mu laibulale amatumikila ma MP onse, a boma ndi otsutsa. Ise tikuti ipitilize mpaka kunja. Aja 40 alibe constituency, choncho asewenzese gulu limodzi la anchito, osati aliyense kufuna ofesi yake. Muno mu tauni, Kanyama na Chawama ni pafupi, Matero na Mandevu ni chimodzimodzi. Galimoto, dalaiva, okonza makompyuta angagawane bwinobwino, palibe amene azafa.

Koma mvetsetsani, sitikuti agawane zonse. Munthu okhala pa desiki yolandila anthu akhale wa constituency imodzi chabe, tsiku lililonse. Mai atseka tebulo, ataya makasitomala a tsiku lonse, alipila basi kuti akafunse za loni ya CDF olo basale ya mwana, afika ati "lelo ali ku ofesi ina, bwelani mailo". Iyayi. Tsiku lija abweza ndani?

Chinanso, wanchito ogawana afunika bwana mmodzi odziwika. Mtsikana akagulitsa pa matebulo awili, chenji ikasowa aliyense aloza mnzake, mumadziwa mmene ndeu imayambila. Bwana wa anchito awa ndi Clerk wa Nyumba ya Malamulo, osati chipani, olo chathu chimene. Amene alipilidwa na msonkho wanu asapezeke masana agawa zitenje za kampeni.

Boma itiuze poyela, mu manambala, kuti maofesi atsopanowa azadya zingati pa chaka. Imwe kanselo simakudikilani pa levy, nanga iwo tiwadikile chifukwa chiani?

Masankho ni pa 13 August 2026. Azabwela mu maketi, azagula na impwa zimene sadya ku nyumba. Musanamupatse chenji, mufunseni: anchito anu azakhala angati, mugawana nao ndani, ndipo Lolemba m'mawa nizapeza ndani pa desiki? Chimene azayankha, bwelani mutiuze pano.