Anyamata, chida si bere la ng'ombe, lekani kuchikama

Ndine mnzanu uja ndinathawa mwera n'kubwera kuno ku Nambuma kudzagulitsa usipa wa bambo anga. Lero sindikamba za mitengo ya nsomba kapena za petulo wa injini. Nkhani ya leroyi ena aiona ngati yolaula. Amene zikumuchititsa manyazi akawerengere kuseri kwa thandala, koma awerenge mpaka pansi.

Sabata yatha kunabwera mnyamata wina pa benchi yanga. Dzina sinditchula, mudzi wakenso ayi. Ndi wa kabaza, ndi amene amandinyamulira matumba a usipa kuchokera pa siteji. Anazungulirazungulira mpaka makasitomala onse atapita, kenako akuti, "Achimwene, inu mumawerengawerenga, ndikufunseni kanthu."

Nkhani yake ndi iyi. Miyezi isanu yapitayo mnzake anamutumizira vidiyo ya mzungu wina akuphunzitsa zimene akuzitcha jelqing. Akuti ukadzola mafuta n'kumafinya chida chitadzuka pang'ono, kuchokera kutsinde kupita kumutu ngati ukukama mkaka, tsiku ndi tsiku, chimatalika n'kunenepa. Mnyamatayu anayamba. Ataona kuti zikuchedwa, anawonjezera kumangirira kabotolo ka madzi ndi mphira kuti kazikoka. Lero chikadzuka chimapweteka, chapindikira kumanzere, ndipo pansi pa khungu pali kanthu kolimba ngati njere ya chimanga. Ali ndi zaka 23. Amalume ake anakatula kale mawu kwa mtsikana, chinkhoswe chikudikira kuti fodya agulitsidwe.

Ndinamufunsa kuti, "Nanga iwe, chakula?" Anangoyang'ana pansi.

Ndakwiya, aise. Ndakwiyira amene amapanga mavidiyowa, ndakwiyira amene amamata mapepala m'mitengo, komanso ndadzikwiyira ndekha pamodzi ndi inu, chifukwa tonse tili ndi mbali yathu pa nkhaniyi.

Tiyambe ndi mmene chinthucho chinapangidwira. Mkono wa mlovi umakula chifukwa chopalasa nkhafi ndi kukoka chilimira. Ndi minofu imeneyo, ukaigwiritsa ntchito imanenepa. Chida sichili choncho. Mkati mwake muli timachubu tiwiri tokhala ngati siponji, timene timadzaza magazi munthu akatota. Timachubuto tinakutidwa ndi chikopa cholimba chimene madokotala amachitcha tunica albuginea. Magazi akadzaza, chikopacho chimatamuka n'kupyapyala kwambiri. Ndiye iwe nthawi imeneyo ukuchifinya, ukuchikoka, ukuchipinda. Chimang'ambika pang'onopang'ono, timabala toti sungatione ndi maso. Bala likamapola limasiya chipsera, ndipo chipsera sichitamuka.

A kabaza amadziwa zimenezi. Tenga chubu ya njinga, uimate chigamba cholimba mbali imodzi, uipope ili kunja kwa tayala. Mbali yabwino ifufuma, mbali ya chigamba ikana, chubu ikhota. Ndi mmene chida chimapindikira. Nthendayi ili ndi dzina, Peyronie, dzina la dokotala wa ku France, François Gigot de la Peyronie, amene anaifotokoza mu 1743. Si khansa, si matenda opatsirana pogonana, si kulodzedwa. Nthawi zambiri imagwira azibambo opitirira zaka 40, makamaka odwala shuga, ndipo ena imangowabwerera osadziwa kuti anavulala liti. Koma mnyamata wa zaka 23 kukaiputa yekha ndi manja ake, chifukwa cha vidiyo? Ndipo imvani izi: nthendayi imathanso kufupikitsa chida. Munthu amafuna kuwonjezera, n'kumaliza atachotsera.

Wina anena kuti, "Ine ndinayesa, ndinaona chitakula." Amwene, ukadzimenya chala ndi hamala chimakulanso. Kumeneko ndi kutupa. Mawa kuphwa, koma kuwonongeka kwa mkati kutsala. Palibe kafukufuku wodalirika amene anaonetsa kuti kukama kumakulitsa chida. Munthu ukamaliza kutha msinkhu, cha m'ma 18 mpaka 21, chimene uli nacho ndi chomwecho basi.

Palinso ena amene amati chawo ndi chokhota ndiye amachiwongola ndi mphamvu chitadzuka, mpaka chilire kuti thwa. Musayerekeze. Ku Iran, mumzinda wa Kermanshah, kuli chizolowezi chopinda chida chitadzuka, amachitcha taqaandan. Dokotala wa kumeneko, Javaad Zargooshi, mu 2000 analemba za anthu 172 amene anafika kuchipatala chida chitathyoka, ndipo ambiri mwa iwo chinathyoka chifukwa cha chizolowezi chimenechi. Inde, chimathyoka ngakhale mulibe fupa. Chikopa chija chimaphulika, chida chimagwa nthawi yomweyo, chimatupa n'kuda ngati biringanya.

Tsopano tibwere kwa a malonda. Pitani ku depoti ya Lilongwe muone mapepala pa mapolo a magetsi: kukulitsa chida masiku atatu, kubweza mkazi wothawa, kuwina milandu, nambala ya foni pansi. Masiku ano alowanso pa Facebook ndi pa WhatsApp pomwe pano. Funso langa ndi limodzi. Munthu atakhaladi ndi mankhwala amenewa, dziko lonse amuna ali ndi nkhawa yomweyi, bwenzi akumata mapepala ndi phala pa polo? Bwenzi ali ndi ndege yake.

Za mvunguti tonse tinakula tikuzimva. Akuti akutemera mphini, n'kutemeranso chipatso chikadali mumtengo, ndiye chipatso chikamakula chakonso chizikula. Amawonjezeranso nthano ya bambo uja anaiwala kukathothola chipatso mpaka chake chinafika m'maondo. Gombe lililonse lili ndi nthano imeneyi, koma ndani mwa inu anamuonapo bamboyo ndi maso? Nthawi zonse ndi wa mudzi wina. Chimene chili chenicheni ndi lezala. Lezala imene yacheka mnzako n'kudzachekanso iwe pamalo ofewa ngati pamenepo, n'kupakapo phulusa, ndi njira ya HIV ndi zilonda.

Oopsa kwambiri ndi amene amabaya mafuta pansi pa khungu, kaya Vaseline, kaya mafuta ophikira, kaya silikoni. Masabata oyamba chimaoneka chonenepa. Kenako thupi limakana mafutawo, pamatuluka zibulu zolimba, khungu limaola. Ku Papua New Guinea, mu 2019 madokotala a ku Port Moresby anadandaula poyera kuti alandira amuna mazanamazana ovulala mwa njira imeneyi, ena mpaka kuwasenda khungu lonse pa opaleshoni. Zakumwa ndi timapaketi ta "mphamvu za abambo" natonso musamangomeza. Mukukumbukira mu 2019 boma la Zambia linaletsa chakumwa cha Natural Power SX atapeza kuti muli sildenafil, mankhwala a mu Viagra, pomwe pa botolo sanalembe. Mankhwala amenewa sakulitsa kanthu, ndipo kwa munthu amene akumwa mankhwala ena a mtima akhoza kumugwetsa.

Nanga n'chifukwa chiyani mnyamata wabwinobwino amafika pomangirira botolo ku chida chake? Apa ndi pamene ife tikulowa. Kumbukirani mmene timachitira posamba kugombe la amuna. Mwana wa zaka 14 akavula, akuluakulu kuyamba kuseka, kumupatsa dzina, dzinalo n'kumutsatira mpaka kusukulu. Ine ndinasekapo, sindinama. Kusamba kwake kwa m'mawa wa June, mwera ukuwomba, madzi ali zii, pamene chida cha aliyense chimathawira mkati. Mwanayo amakula akukhulupirira kuti ndi wopelewera. Kenako amagula foni, n'kuyamba kuonera mafilimu olaula, mmene amachita kusankha anthu a zida zazikulu mwadala ndi kujambula mokometsera. Kudziyerekeza ndi amenewo kuli ngati msodzi wa mbedza kudziyerekeza ndi zithunzi za pa kalendala. Wa malonda akamabwera amapeza munda tinamulimira kale ife.

Tiyeni tione manambala enieni. Mu 2015, David Veale ndi anzake ku London anasonkhanitsa miyeso ya amuna 15,521, yoyezedwa ndi a zachipatala, osati yodzinenera pa bawo. Anapeza kuti pakatikati chida chikadzuka chimatalika masentimita 13, chikagona pafupifupi 9. Foni imene mwagwirayi mwina ndi yotalika masentimita 15 kapena 16. Ndiye kuti amuna ambiri pa dziko lapansi foni yawo imawaposa, ndipo ali ndi mabanja, ali ndi ana. Ku Italy, pa kafukufuku amene anatuluka mu 2002, madokotala anayeza amuna 67 amene anabwera kudzapempha opaleshoni yotalikitsa. Panalibe ngakhale mmodzi amene chake chinali chachifupi mwa matenda. Chinanso, ukamadziyang'ana wekha kuchokera pamwamba chimaoneka chachifupi kusiyana ndi cha mnzako chimene ukuchiona cham'mbali. Kwa a mimba zazikulu, mafuta a pachinena amabisa tsinde.

"Koma akazi amafuna zazikulu." Munawafunsa, kapena munamva kwa anyamata anzanu? Ku America, pa kafukufuku amene anatuluka mu 2006, anafunsa anthu opitirira 52,000. Mwa akazi 100 alionse, 85 anati ndi okhutira ndi cha mwamuna wawo. Mwa amuna 100 alionse, okhutira ndi chawo anali 55 okha. Mwaona pamene pali vuto? Funsani alangizi ndi ankhoswe zimene zimafika pa bwalo: mwamuna woledzera, wosasamba, wothamanga ngati tambala, wosasiya ndalama ya ndiwo, wobweretsa matenda kuchokera ku gombe lina. Zimenezo ndi zimene zimapasula mabanja.

Za kukhota, mvetsetsani bwino, chifukwa si kukhota konse kumene kuli matenda.

Ngati chako chinakhala chokhota pang'ono kuyambira pamene unatha msinkhu, kaya kumanzere, kaya m'mwamba, sichipweteka, sichikusintha, sichikulepheretsa kugona ndi mkazi, chisiye. Amuna ambiri ali choncho. Madokotala nawonso kukhota kosapitirira madigiri 30 nthawi zambiri sakukhudza.

Ngati kukhota kwayamba posachedwa, kukuwonjezeka, pali ululu chikadzuka, kapena ukumva kachibulu kolimba, leka chilichonse ukuchita ndipo pita kuchipatala. Nthendayi imakhala ikusintha kwa miyezi ingapo, mwina kupitirira chaka, kenako imaima. Ululu nthawi zambiri umatha, koma kukhota kawirikawiri sikubwerera kokha. Ikaima ndipo ikukulepheretsa, pali opaleshoni yowongola. Dokotala akhoza kukupempha kuti ujambule chithunzi kunyumba chitadzuka kuti aone kukhotako. Chithunzicho ndi cha dokotala yekha, ukamuonetsa uchifufute.

Ngati wamva kulira kwa thwa, chagwa, chatupa, chada, usadikire kuti kuche. Ndi ngozi ngati ya galimoto, imafuna kusokedwa msanga. Chimodzimodzi ngati chadzuka maola 4 osagona, makamaka utamwa zinthu zija. Magazi akakhalitsa mmenemo amaononga siponji ija, ndipo chikhoza osadzadzukanso. Zengerezu adalinda kwawukwawu.

A kuno kumtunda, yambirani pa chipatala cha pafupi, kaya Nambuma, kaya Kabudula, kaya St Gabriel ku Namitete, ndipo zikafunika akulemberani kalata ya ku Kamuzu Central. A kunyanja, muli ndi zipatala za boma ku Nkhotakota, Salima ndi Mangochi. Ngati manyazi akukuvutani, pemphani kuonana ndi dokotala wachibambo. Anthuwa anaona zambiri, chanucho sichiwadzidzimutsa. Safunsa adadya phula.

Ndipo inu a kugombe, ngati mukufunadi kusamala umuna wanu, mdani wanu weniweni ali m'madzi mmene mumalowa tsiku ndi tsiku. Likodzo silithera m'chikhodzodzo mokha. Kafukufuku pakati pa asodzi a ku Mangochi anapeza mazira a likodzo mu umuna. Mukaona magazi mu mkodzo kapena mu umuna, kapena ululu pothira, pitani akakuyezeni, mankhwala ake a praziquantel alipo. Fodya wosuta nayenso amaononga mitsempha imene imadzutsa chida. Zimenezi timazinyalanyaza, n'kumalimbana ndi masentimita.

Mnyamata uja ndinamuperekeza. Ndinasiyira benchi mayi wa tomato, tinakwera njinga yake yomweyo, iye kupalasa ine pa kaliyala. Adokotala anamuyeza, anamuuza kuti asiyiretu kukama ndi kukoka, anamupatsa mankhwala a ululu ndi kalata yopita nayo ku chipatala chachikulu. Anamuuzanso mosabisa kuti pafunika miyezi kuti aone pamene kukhotako kuimire. Pobwerera sanayankhule njira yonse. Titatsala pang'ono kufika ndi pamene anati, "Achimwene, nanga mtsikana uja ndimuuza bwanji?" Ndinamuuza kuti amuuze zoona chinkhoswe chisanachitike. Mpaka lero sanamuuze.

Ndinamupempha chilolezo ndisanalembe izi. Anati lembani, bola dzina musatchule, chifukwa vidiyo ija anaitumizanso kwa anzake atatu ndipo akuopa kuwafunsa.

Ndiye chonde, ngati vidiyo imeneyo ili mu foni yanu, ifufuteni, ndipo amene munamutumizira mumutumizirenso uthenga uno. Mukaona akuluakulu akuseka mwana kugombe, aletseni, ngakhale akutukwaneni. Wakutsina khutu ndi mnansi. Tumizani ku magulu a mpira, a kabaza, a alovi, a kwaya omwe.

Moni kwa onse kugombe. Uzani bambo anga kuti usipa wa ulendo wathawu unafika wonyowa pang'ono, ulendo uno auyanike tsiku lina lowonjezera.