Mfuti ndi zikwanje pamsonkhano: khonsolo ingaletse?

Tsiku la msika pa Chimbiya kapena pa Bembeke, munthu akadutsa atanyamula chikwanje palibe amene amacheuka. Aliyense amadziwa kuti akuchokera kudimba. Koma chikwanje chomwecho chikafika pabwalo la msonkhano wandale, kapena m'holo momwe anthu akulimbirana malo kapena ufumu, amayi amayamba kukoka ana awo. Nanga ndani ali ndi mphamvu zom'bweza munthuyo pakhomo?

Ambiri amaloza khonsolo. Komatu pankhani ya mfuti, mphamvu za khonsolo n'zochepa zedi. Lamulo la mfuti la 1967 ndi la dziko lonse, ndipo kaundula wa mfuti ali m'manja mwa apolisi. Khansala kapena mfumu sangapatse munthu chilolezo chokhala ndi mfuti, ndiponso sangamulande.

Chomwe khonsolo ili nacho ndi lamulo la maboma aang'ono la 1998, lomwe limailola kupanga malamulo oyendetsera malo ake monga misika, madepoti ndi maholo. Malamulowa amayenera kuvomerezedwa ndi nduna ndipo asasemphane ndi malamulo a dziko. Choncho khonsolo ya Dedza itafuna, ikhoza kunena kuti m'holo yake musalowe chida. Koma wina akakana kumvera, oti am'gwire ndi apolisi basi. Wodula matikiti pamsika sangalimbane ndi munthu wa mfuti.

Pamisonkhano ya pabwalo ndi zionetsero, lamulo lilipo kale. Lamulo la apolisi la 2010 limati okonza msonkhano adziwitse bwanamkubwa kutatsala maola osachepera 48 kuti msonkhanowo uchitike, ndipo apolisi nawo adziwe. Dziwani kuti uku n'kudziwitsa chabe, si kupempha chilolezo, ngakhale mabwana ena amaiwala dala kusiyana kwake. Lamulo lomweli limati kupezeka ndi chida pamsonkhano wotere popanda chilolezo ndi mlandu.

Kwa anthu a ku Dedza iyi si nkhani ya kutali. Bomali lidagundana ndi Angonia, ndipo m'madera ena munda wa mbatatesi uli kuno, mwini wake akugona tsidya linalo. Pomwe nkhondo ya ku Mozambique inkatha mu 1992, Malawi adali atasunga othawa kwawo oposa 1 miliyoni, ambiri a iwo m'maboma a m'malire monga Dedza ndi Ntcheu. Mfuti zina za nkhondoyo, makamaka AK-47, zidatsalira m'manja mwa anthu wamba n'kumagwiritsidwa ntchito pa umbanda. Mu December 1993, asilikali atalanda zida za apayoniya pa Operation Bwezani, ena adathawira ku Mozambique komweko ndi mfuti zawo. Njira zachidule zodutsira malirewo n'zosawerengeka.

Komabe tikayang'ana zaka zapitazi, chida chomwe chasokoneza misonkhano kwambiri si mfuti ayi. Pa 19 July 2011, anyamata a chipani cholamula panthawiyo adazungulira mumzinda wa Blantyre pamagalimoto akuonetsa zikwanje, kuopseza omwe ankakonzekera zionetsero za tsiku lotsatira. Pazionetserozo padafa anthu pafupifupi 20, ambiri mwa iwo ndi zipolopolo za apolisi. Pa 26 June 2025, ku Lilongwe, anthu onyamula zikwanje adamenya Sylvester Namiwa ndi anzake omwe ankafuna kuchita zionetsero, apolisi ndi asilikali ali pomwepo.

Pa tsikulo lamulo silidasowe. Chidasowa ndi munthu wolitsata. N'chifukwa chake ine ndimakayika ndikamva ena akuti kungopatsa makhonsolo mphamvu zambiri kuthetsa vutoli. Chikwangwani choletsa zida pakhomo la holo n'chabwino, koma chimagwira ntchito ngati wapolisi woima pambali pake angabweze aliyense, posayang'ana mtundu wa nsalu yomwe wavala.

Makhansala omwe adasankhidwa pa 16 September 2025 ali ndi poyambira, ndipo sipafunika ndalama zambiri. Akhale pansi ndi bwanamkubwa, apolisi, mafumu ndi makomiti a chitetezo cha m'midzi n'kugwirizana za yemwe azisecha anthu pakhomo. Aganizirenso za mlimi amene wangochoka kudimba n'kupatukira kumsonkhano: pakhale malo oti asiye chikwanje chake, n'kuchitenga pobwerera kwawo.